Mpata wa Chala Chimodzi

Panali makaniko wina ku Biwi, mumzinda wa Lilongwe, dzina lake Layitoni. Anali munthu wodziwa ntchito yake. Galimoto ikabwera ikutsokomola, iye ankangotchera khutu n'kuloza pamene pali vuto. Ankakonza magalimoto a anthu kuti apeze chakudya, koma mtima wake unali pa galimoto imodzi yokha, yake.

Anaigula ili chiphakasa, nkhuku zikuikira mazira pampando wakumbuyo. Anaiphwasula yonse n'kuyamba kuimanganso. Anaikamo injini yamphamvu yochokera m'galimoto ina yaikulu. Anaitsitsa kuti ikhale pafupi ndi nthaka, chifukwa galimoto yotsika sipendekeka pokhota. Anaipaka penti yofiira, yoti munthu n'kupesa tsitsi akudziyang'anira pachitseko. Loweruka ankapita nayo kumene anyamata a magalimoto amakumana kukathamangitsana, ndipo ikalira, ogulitsa chimanga chootcha ankaiwala kutembenuza chimanga chawo.

Chomaliza chinali mawilo, ndipo apa ndi pamene anasowa tulo. Munthu wosadziwa amaganiza kuti tayala ndi tayala basi, bola likhale lakuda ndi lozungulira. Si choncho. Injini yamphamvu imafuna mabuleki aakulu, kuti chimene chathamanga chithenso kuima. Mabuleki aakulu salowa m'marimu aang'ono, zitsulo zozungulira zimene amavekapo matayala, motero marimu a mainchesi 15 amene galimotoyo inabwera nawo anayenera kuchoka, pabwere a 18. Marimu akakula, mphira wa m'mbali mwa tayala uyenera kufupika kuti wilo lonse lisatalike kuposa kale, apo ayi singano yoonetsa liwiro imayamba kukunamiza. Komanso mphamvu zonse za injini zimafika pamsewu kudzera pa kachigawo ka tayala kongofanana ndi chikhatho. Kuti galimoto isamangopalasa pamalo amodzi, matayala akumbuyo anayenera kukhala otambalala.

Koma tayala lotambalala limafuna malo. Pamwamba pa wilo lililonse pali madigadi, chitsulo chokhota chimene chimaphimba tayala, ndipo chitsulocho chili ndi mlomo wakuthwa wopindikira mkati. Wilo likalowa mkati kwambiri, limakhula zitsulo za sipuling'i. Likatuluka kwambiri, limakumana ndi mlomo uja.

Layitoni anayeza ndi tepi. Anayeza ndi chingwe. Anayeza atakhotetsa chiwongolero mbali iyi, n'kuyezanso atakhotetsa mbali inayo. Musaganize kuti ndikukamba za munthu wopupuluma. Anakumbukira ngakhale zakuti galimoto imatsika pang'ono munthu akakweramo. Anabwereka matumba a simenti olemera ngati thupi lake, n'kuwakhazika pampando wa dalaivala, ndipo anayezanso.

Atatha zonsezi anasankha matayala aakulu kwambiri amene akanatha kulowa. Pakati pa tayala ndi mlomo wa madigadi panatsala mpata wa chala chimodzi. Kwa anyamata a magalimoto, kuchepa kwa mpata umenewo ndiye kukongola kwake. Anzake anagwada, analowetsa chala, anaimba mluzu.

"Aise, apa ndiye waitha," anatero.

Makolo a Layitoni ankakhala kumudzi, ku Ntchisi. Bambo ake kale ankakonza njinga pansi pa mtengo, ndipo ndi iwo amene anamuphunzitsa kugwira sipanala. Tsopano anali ndi ng'ala m'maso onse awiri. Ankangosiyanitsa usana ndi mdima. Popita kutchalitchi, kumaliro kapena kuseri, ankagwira nsonga ya chitenje cha akazi awo, Nachisale, ndipo zinali choncho kwa zaka zingapo. Za galimoto yofiira ankangomva pafoni. Zimenezi zinkamupweteka Layitoni, chifukwa pa anthu onse amene ankaiyamikira, munthu mmodzi amene iye ankafuna kuti aione anali asanaione.

Kenaka kunamveka kuti pachipatala china mumzinda pabwera madokotala a maso ochotsa ng'ala. Bambo aja analembedwa, ndipo anauzidwa kuti afike Lolemba dzuwa lisanafike pamutu. Wochedwa anayenera kudikira chaka chamawa, madokotalawo akadzabweranso.

Layitoni ananyamuka Lamulungu, ali yekha. Pamsewu wafumbi anayenda pang'onopang'ono, akuzemba maenje, ndipo palibe chimene chinakhula. Atafika, bambo ake anatuluka, anaipapasa galimoto kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo.

"Manja akuti ndi yosalala," anatero. "Zina ndidzanena ndikaiona."

M'mawa mwake Nachisale anatulutsa katundu. Mukudziwa kuti kuchipatala wodwala sapita yekha. Pamafunika womudikirira, ndipo womudikirira amaphika, amachapa, amagona. Panali thumba la ufa, nyemba, mapoto, ndowa, mphasa, mabulangete, mtolo wa nkhuni, ndi kankhwangwa pamwamba pake. Azakhali a Layitoni anabweretsa thumba la mtedza loti iye akapatse mkazi wake amene anatsala ku Lilongwe, ndipo mphatso yotere sibwezedwa.

"Amayi, nkhwangwayi ndi yachiyaninso?" anafunsa Layitoni.

"Nkhunizi ndikaziwaza ndi mano?" anatero mayi ake, n'kuiponya m'buti.

Layitoni anafuna kuti bambo ake akhale kutsogolo. Bambowo anakana. Anakhala kumbuyo, pambali pa akazi awo, nsonga ya chitenje ili m'manja.

Asanapite patali, galimoto inayamba kulira kumbuyo. Pa kadzenje kalikonse kunkamveka kuti kwee. Layitoni anachepetsa liwiro, koma kulirako sikunasiye. Kenaka m'galimoto munalowa fungo la mphira wopserera. Anaima, anatsika, anagwada.

Chala sichinalowe. Mlomo wa madigadi unali utakhala pa tayala, ndipo unali utalemba kale mzere m'mbali mwake, mawilo onse awiri. Tizidutswa ta mphira tinali mbwee pa rimu. Tayala lalifupi m'mbali lilibe mnofu wambiri woti chitsulo chidye. Monga makaniko, anadziwa kuti akapitiriza chotero, matayalawo aphulika asanafike pa Mponela. Sipeya, tayala lapadera losinthira, analibe. Yakale sinkalowa pa mabuleki atsopano, ndipo anali ataisiya kugalaja kuti galimoto ipepuke.

Anasamutsira ufa ndi mtedza pampando wakutsogolo. Chala sichinalowe. Anatsitsa katundu yense n'kumuunjika m'mbali mwa msewu. Chitsulo chinkakhudzabe mphira. Anapempha mayi ake kuti atsike kaye aone. Atatsika, galimoto inakwera pang'ono, ndipo chala chinalowa mopanikiza.

Nachisale sanali makaniko, koma anali ndi maso. Anaona chala cha mwana wake, anayang'ana dzuwa. Msewu umenewo magalimoto amadutsa mwa apo ndi apo.

"Pita nawo bambo akowa," anatero. "Ine ndikhala pano ndi katunduyu. Ikapezeka ya matola ndikupezani, kaya madzulo, kaya mawa."

Zinali zomveka. Bambo akanafika pa nthawi yake, galimoto ikanafika yosalala, ndipo palibe amene akanamunena. Layitoni anatsala pang'ono kuvomera. Koma atasuzumira m'galimoto anaona bambo ake atasendera kuchitseko, dzanja lili panja, atagwirabe nsonga ya chitenje. Munthu wamkulu ameneyu ankapita kukagona pansi pa mpeni wa dokotala, mpeni wolowa m'diso, mumzinda umene sankaudziwa, ndipo chimene chinkamulimbitsa mtima chinali kansalu kameneko.

Layitoni anawatsitsa bambo ake n'kuwakhazika pamphasa, pamthunzi. Anatenga jeke, anakweza galimoto, anachotsa wilo. Kenaka anapita pa mulu wa katundu n'kusolola nkhwangwa ya mayi ake.

Anaima nayo kwa kanthawi, ndipo sindimunena. Madigadi amenewo anawawongola yekha, anawakwecha yekha, anawapaka yekha penti. Mtima unamuwawa kwambiri. Anatembenuza nkhwangwa kuti amenye ndi kumbuyo kwake, analowetsa mkono mkati, n'kumenya.

Penti inang'ambika n'kuyamba kuyoyoka. Anamenya mlomo wonse mpaka unagona. Anamenyanso chitsulo chenichenicho kuti chitulukire kunja, ndipo chinatuluka mabampumabampu ngati poto wakale.

"Chikugogodacho n'chiyani?" anafunsa bambo ake.

"Ndikukonza malo, bambo."

Bambo aja anamvetsera kugogodako. Anagwirapo zitsulo moyo wawo wonse, ndipo ankadziwa kulira kwa chitsulo chimene chikukonzedwa ndi kwa chimene chikuwonongedwa.

Atatha mbali imodzi anachita chimodzimodzi mbali inayo. Anabwezera mawilo, anapakira katundu yense, mtedza womwe, anakweza makolo ake onse awiri. Anagwada n'kuyeza. Dzanja lonse linalowa. Anayenda mosamala chifukwa cha mabala a matayala aja, ndipo galimoto imene inkasiya anzake m'fumbi tsiku limenelo inapitiriridwa ndi malole a fodya. Anafika pachipatala dzuwa litatsala pang'ono kufika pamutu, ndipo bambo analowa, Nachisale ali patsogolo.

Anzake a ku Biwi ataiona galimoto anagwira pakamwa. Wina anafunsa ngati inagundidwa ndi ngolo mbali zonse ziwiri.

Madokotala anachotsa ng'ala zija, ndipo tsiku lomasula mabandeji m'maso litafika, munthu woyamba amene bambo aja anamuona anali mkazi wawo. Anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Nachisale, imvi zonsezi zabwera liti?"

"Zabwera ndi inu nomwe," anatero mayi aja, akupukuta misozi.

Atatulutsidwa, anafuna kuona galimoto. Layitoni anali ataiimika mochenjera, mphuno kutsogolo, ndipo anawatengera kumene penti inali ikuwalabe. Anawatsegulira injini. Bambo anayang'ana, anagwedeza mutu, anayamikira. Kenaka anayenda okha, osagwira chitenje cha munthu, mpaka kumbuyo. Anaima pa madigadi ophwanyika aja n'kuyendetsa chikhatho pa mabampu onse.

"Kugogoda kuja ndi uku?"

"Eya, bambo." Layitoni anachita manyazi. "Ndinkafuna muione mmene inalili. Koma ndiwongola, ndipakanso penti. Simudzazindikira n'komwe."

"Penti upake, dzimbiri lingadye chitsulo," anatero bambo ake. "Koma usabwezere mkati. Amenewa ndi malo a mayi ako."

Anapaka penti, sanabwezere mkati. Pambuyo pake anagula matayala ocheperako pang'ono m'lifupi, okhala ndi mphira wokwanira m'mbali, ndipo anaikweza galimoto kumbuyo. Loweruka anyamata ena anayamba kumupitirira pokhota. Ankadandaula, chifukwa kuluza sikukoma, koma sanabwerere ku mpata wa chala chimodzi.

Tsono anyamata inu, makamaka iwe amene ukulowa m'banja Loweruka likubwerali, mundimvetse bwino. Layitoni sanali chitsiru, ndipo tepi yake sinaname. Kukonda chinthu chokongola si tchimo. Cholakwa chake chinali chimodzi: simenti anaika pampando umodzi.

Inunso mwayeza. Ndakumvani mukufotokoza mmene tsiku lanu lidzayendere, mmene nyumba yanu idzakhalire, kumene mudzakhale mutafika pakatha zaka zingapo. Zonse zikukwana bwinobwino, mpaka chala chimodzi, chifukwa mwayeza muli nokha. Koma kwathu kuno galimoto siyenda yopanda anthu. Adzakweramo mkazi wotopa amene akufuna kuti mukhale pansi mumumvere. Adzakweramo mwana wodwala, mlamu wosowa kolowera, apongozi ndi mapoto awo. Sadzabwera tsiku limene mwakonzeka, ndipo amene adzanene kuti "nditsike ine" nthawi zambiri ndi amene simuyenera kumusiya pamsewu.

Siyani mpata mukadali m'galaja. Ikani simenti pamipando yonse, ndi m'buti momwe, ndiye musankhe matayala. Anzanu adzati galimoto yanu siyokongola ngati yawo, ndipo mwina adzakhala akunena zoona. Layitoni anachita mwayi, anapeza nkhwangwa m'katundu wa mayi ake, ndipo mkono wake unalola kumenya. Za inu sindikudziwa.