Mpando wa a Nduna mu Holo Yodontha

Tho! Tho! Tho! Usiku wonse ndowa zinkangolira mu holo ya yunivesite, denga likudontha. Mayi Nasibeko, mkulu wa yunivesiteyo, anali atapempha thandizo kuboma mpaka mawu kusasa, koma a Nduna anangowaimbira foni: "Mawa ndikubwera ndi a TV. Mudzanene kuti simukusowa kanthu, apo ayi ntchito yanu yatha."

"Chabwino bwana," anatero mayiwo.

Kutacha anachotsa ndowa yaikulu, pamalo pakepo n'kuikapo mpando wa mlendo wolemekezeka. Kenako anakanong'oneza a kwaya.

A Nduna atangofika pampando, mvula ija n'kuyambiranso, kwaya nayo n'kuyamba nyimbo ya fuko. Paja pa nyimbo imeneyi munthu susuntha, ngakhale linthumbu likulowe m'thalauza! Ana aja anaimba ndime zonse, mokoka ngati pamaliro, madzi akutsikira m'khosi mwa a Nduna, kamera ili pamphuno penipeni.

Nyimbo itatha, Mayi Nasibeko anagwira maikolofoni mwaulemu. "Monga mwadzionera nokha, ife kuno sitikusowa…"

A Nduna anailanda, tayi ikuchucha. "Mayi inu, khalani pansi! Malata abwera Lolemba!"