Telala Woloweza Kabuku ka Chesi

Ku Luchenza kunali telala wina wokonda masewera a chesi. Tsiku lina anagula kabuku ka ongoyamba kumene, kophunzitsa mmene wosewera zidutswa zakuda amadzitetezera masewera akamayamba: mdani akasuntha ichi, iwe suntha icho. Telalayo anakaloweza konse, mpaka manambala a masamba.

Koma kukhala pansi n'kusewera ndi anzake, ayi! Akamuitana ku kalabu ankayankha akupalasa makina, "Ndisewerenji ndi inu? Zonse zili m'mutu muno."

Anzakewo, pomva mmene ankalakatulira, anagoma naye. Utafika mpikisano wa ku Blantyre, kalabu inali ndi malo a munthu mmodzi yekha, ndipo inatuma iyeyo. Kugonja kwake kunali kutuluka kwa kalabu yonse.

Kumeneko anakumana ndi mayi wina, namwino wa ku Ndirande. Kusuntha koyamba, kwachiwiri, kwachitatu, zonse zinayenda monga mwa kabuku, telala n'kumamwetulira. Kachinayi, mayi uja anatulutsira kavalo wake mbali imene kabuku sikanatchuleko.

"Mayi, mwalakwitsatu," anatero telala. "Apa mumayenera kusuntha bishopu."

"Bambo, sewerani zimene mukuona," anayankha mayiyo.

Abale, apa ndiye pamandipsetsa mtima. Bolodi ya chesiyo inali pamaso pa telala. Kavalo anali atalunjika pa mfumukazi yake masanasana, ndipo telalayo maso anali nawo onse awiri. Akanangoyang'ana! Koma munthu wamkulu ndi ndevu zake anatsinzina, n'kukumbukira tsamba lachisanu, n'kusuntha zimene tsambalo linanena. Mfumukazi inadyedwa pomwepo. Pasanathe mphindi khumi, mfumu yake inasowa kothawira, telala n'kugonja. M'minibasi pobwerera, njira yonse ankatukwana wolemba kabuku, ngati kuti wolembayo ndiye anam'tseka maso.

Ndikunena inu, ndipo sindikuseka. Mavesi a m'Baibulo mumawaloweza, muno m'tchalitchi Lamulungu mumawalakatula mpaka tonse kuomba m'manja. Koma Lolemba Satana sabwera motsata tsamba limene munaloweza. Amadzera pa nyumba ya mlamu wanu wamasiye imene mukuisirira. Amadzera pa foni ya mkazi wa mwini. Ndiye inu mumatsinzina, pakamwa pali vesi, dzanja likuchita tchimo, kenako muziti Baibulo silithandiza. Manyazi mulibe?

Mulungu anatipatsa Mawu ake kuti atitsekule maso, tizimuona mdani pamene waima lero. Mukapitiriza kutsinzina, chodzadyedwa si mfumukazi ya pulasitiki ayi. Ndi moyo wanu.