Kachitseko ka mu Injini

Panali munthu wina mumzinda wa Blantyre amene ankawadziwa bwino makina. Anaphunzira za injini, nazigwirira ntchito zaka zambiri, ndipo zinthu zinamuyendera. Atapeza bwino anaitanitsa galimoto kuchokera kunja, ya zitseko ziwiri, yotsika ngati ikukwawa pansi, imene anaipangira liwiro basi. Ikamadutsa mumsewu, ngakhale ogulitsa malonda ankasiya kuitanira n'kucheuka.

Injini yake sinali yaikulu ayi. Mphamvu zake zinkachokera ku chipangizo chotchedwa tabo. Utsi umene injini imataya, usanatulukire kumbuyo, umayamba wazunguza kagudumu ka timapiko. Kagudumuko kamazunguza kanzake, ndipo kanzakeko kamakankhira mpweya wambiri mu injini. Mpweya ukachuluka, mafuta amayakanso ambiri, motero injini yaing'ono imakoka ngati yaikulu.

Koma walira mvula walira matope. Tabo imatentha mpaka chitsulo kufiira, ndipo imafuna oilo wabwino. Imachedwanso kuyankha: ukaponda moto pamapita kamphindi, kenako mphamvu imabwera yonse pakamodzi. Tabo yaing'ono imayankha msanga, koma pa liwiro lalikulu imaperewera. Yaikulu imachedwa, koma ikagwira yagwira. Opanga galimoto amasankha, ndipo posankha ichi amataya icho.

Chimodzi chokha sachisiya. Pambali pa tabo amaikapo kachitseko kakang'ono. Mpweya ukapanikizana kufika pamene injini ingapirire, kachitsekoko kamatseguka kokha, utsi wina n'kulambalala osazunguza kagudumu kaja. Mphamvu imalekera pomwepo.

Munthu uja kachitseko kameneka sikankamusangalatsa. Akaponda moto ankamva mphamvu ikukwera, ikukwera, kenako n'kuima, ngati wina wamugwira malaya kumbuyo.

Loweruka lina m'mawa mkazi wake anamupeza atatsegula boneti, sipanala ili m'manja.

"Abambo, galimoto yatsopanoyi yawonongeka kale?"

"Siinawonongeke," anayankha iye. "Muli kachitseko umu kamene kamandibera mphamvu. Ndikufuna kasamatsegukenso."

"Nanga amene anakaikamo ankafuna chiyani?"

"Ankaopa. Iwo amapangira aliyense, ngakhale wosadziwa makina. Ine ndimadziwa polekera."

Sananame. Ankadziwadi kuti mpweya ukapanikizana mopitirira, mkati mwa injini mumatentha mpaka zitsulo kusungunuka. Ankadziwa ngakhale phokoso limene injini imachita isanafe. Anangoganiza kuti ntchito ya kachitseko angaigwire ndi phazi lake: zikafika poipa, adzachotsa phazi. Choncho anamanga kachitsekoko ndi waya wolimba. Anasinthanso kompyuta ya galimotoyo kuti isamadandaule.

Galimoto inasinthadi. Akaponda, msana unkamatirira kumpando. Miyezi inadutsa popanda vuto lililonse. Koma anali kuyenda mumzinda, m'nyengo yozizira. Akathamanga pang'ono ankakumana ndi loboti, kapena mahampu, kapena minibasi itaima pakati pa msewu. Injini inkapeza mpata wozizira iye osadziwa kuti ndi msewu umene ukumuteteza. Iye ankati ndi nzeru zake.

Mwezi wa Okutobala utafika, mlongo wake anamuimbira foni masana. Amalume awo, amene anawalera onse awiri bambo awo atamwalira, anali atagonekedwa kuchipatala ku Dedza.

"Achimwene, nyamukani pompano," anatero mlongoyo. "Amalume akungotchula dzina lanu. Adokotala akuti amene ali kutali asachedwe."

Ananyamuka dzuwa lili paliwombo, phula likunyezimira ndi kutentha. Anawoloka pa Zalewa, nadutsa zigwa za Balaka, phazi lili pansi. Panalibe loboti yomuimitsa. Atayamba kukwera mitunda ya ku Ntcheu anapeza thiraki yodzaza katundu ikudzikoka. Anaipitirira. Kutsogolo kunali ina, anaipitiriranso.

Pamenepo injini inayamba kulira ngati timiyala tikugwedezeka m'chitini. Anamva, ndipo anadziwa tanthauzo lake. Anaona kamuvi kosonyeza kutentha kakukwera. Mumtima anati, ndingomaliza mtunda uwu, pamwamba ndikapepuza. Koma maganizo ake anali pa nkhope ya amalume ake, ndipo phazi silinachoke. Kachitseko kaja kakadatseguka kokha, chifukwa sikadziwa za matenda kapena za changu. Koma kanali komangidwa.

Asanafike pamwamba kunamveka kuphulika. Utsi woyera unatuluka kumbuyo ndi pansi pa boneti, oilo n'kukhuthukira pa phula. Galimoto inayenda pang'ono yokha, kenako inaima. Mathiraki awiri aja anamudutsa mwakachetechete, imodzi pambuyo pa inzake.

Sanatsegule n'komwe boneti. Anakhoma zitseko n'kuima m'mbali mwa msewu, dzanja lili m'mwamba. Minibasi yoyamba inadutsa yodzaza. Yachiwiri inamutenga, koma inkaima pa siteji iliyonse, kutsitsa thumba la mbatata apa, kudikira wokwera apo. Iye anakhala kumbuyo, mawondo atapanikizika, akuyang'ana foni osalimba mtima kuimba.

Anafika dzuwa litapendeka. Anapeza mlongo wake ali panja pa wodi, atamanga chitenje m'chiuno, azimayi ena atamuzungulira. Sanafunikire kufunsa.

"Anakudikiranitu, achimwene," anatero mlongoyo. "Munthu akangolowa pakhomo, amalume ankadzutsa mutu. Angotisiya posachedwa pomwepa. Mwabwera pa chiyani?"

"Pa minibasi," anayankha.

Mlongoyo anamuyang'ana, osamvetsa. Munthu uja anakhala pansi pakhonde la chipatala. Ankaudziwa bwino msewu umenewo, ankaidziwanso galimoto yake. Panalibe amene akadamuuza zimene iye sankadziwa: ikadakhala monga anaipangira eni ake, ndi mphamvu zake zoyezedwa zija, ikadamufikitsa nthawi ikadalipo, iye n'kukhala pambali pa bedi, n'kumva zimene amalume ake ankamuitanira.

Inu amene mwalandira maudindo lero, fanizoli ndi lanu. Aliyense wa inu ali ndi kachitseko kake. Mwina ndi lamulo limene munalipeza, mwina ndi mnzanu wa mukomiti amene amati ayi, mwina ndi wa kunyumba kwanu amene amakufunsani funso losavuta. Mudzaona ngati akukuberani mphamvu, ndipo mudzafuna kumumanga pakamwa, mukunena kuti mumadziwa polekera. N'kutheka mumadziwadi. Koma tsiku la kutentha, mtima uli pa chinthu chimene mukuchifunitsitsa, kudziwa sikuchotsa phazi. Musiyeni amene amakuuzani kuti "basi" azitha kulankhula, makamaka tsiku limene simukufuna kumumva.