Mayunifomu Atatu a Tupochile

Mapemphero akatha kutchalitchi cha Amalawi ku Govanhill, kuno kutsidya la nyanja, anthu ankatsalira kumwa tiyi, ndipo nkhani inali imodzimodzi: sukulu za ana. Bambo Gwanda, dalaivala wa basi, anali munthu wotengeka. Wina akayamikira sukulu ya mwana wake, iwo mtima unkawawawa ngati aberedwa.

Chikhalirecho mwana wawo Tupochile sankavutika. Ankaphunzira pasekondale yapafupi ndi kwawo, anali ndi anzake, ndipo mphunzitsi wa kemisitiri ankamulimbikitsa pa maloto ake odzakhala dokotala.

Lamlungu lina a Ephraim, mkulu wa mpingo, anati, “Achimwene, sukulu ndiye ili ku Pollokshields. Kwanuko ana amangosuta pageti.” Temu isanathe, Tupochile anali mu yunifomu ina. Atangoyamba kuzolowera, mayi Joan, amene ankasamalira okalamba kumidzi ya ku Ayrshire, anabwera ndi zawo: “Kumudzi kuja m'kalasi ana ndi ochepa, aphunzitsi amadziwa aliyense ndi dzina. Kunja kuli nkhosa zokhazokha.”

Loweruka lake bambo Gwanda anakwera galimoto kukayerekeza sukulu ziwiri zakumeneko. Anayang'ana mabwalo a mpira, anasuzumira m'mawindo, n'kusankha imene inali ndi kapinga wotchetchedwa bwino. Za maphunziro sanafunse n'komwe.

“Bambo a Tupo, chino ndi chaka cha mayeso,” anatero akazi awo, a Fanny. “Mwana si mbande yoti muzingozula ndi kuwokera.”

“Mayi, ndinasiya Kasungu kuti mwana wanga aphunzire pabwino. Ndisiyeni.”

“Adadi, chonde, musandichotsenso,” anapempha Tupochile m'Chichewa chake chothyokathyoka. Zinalowa khutu ili n'kutulukira linalo, ndipo banja lonse linasamuka.

Kusukulu ya kapinga uja mphunzitsi wa kemisitiri anali atachoka, ndipo wolowa m'malo sanapezeke. Tupochile anamuika m'maphunziro amene sanawayambepo. Wakhungu lakuda anali yekha, nthawi ya nkhomaliro ankadya yekha. Anayamba kuonda, kenako anasiya kulankhula. Chomvetsa chisoni n'chakuti bambo ake anaziona zonsezi, koma chimene anatolapo n'chakuti pa sukulu ziwiri zija anasankha yolakwika.

“Ija ya mudzi winawo ndiye yabwino,” anatero tsiku lina akudya. “Chaka chikayamba...”

“Musavutike, adadi,” anawadula Tupochile. “Ndakwanitsa zaka sikisitini. Ikafika Khirisimasi, sukulu ndasiya.”

Bambo Gwanda anaseka, poganiza kuti ndi matama a mwana. Khirisimasi itapita, Tupochile analongedza chikwama n'kupita ku Easterhouse kukakhala ndi mnzake wa kusukulu yoyamba ija. Anapeza ntchito yokazinga tchipisi.

Bamboyo anathamangira kwa ahedi, kenako kupolisi, thukuta lili kamukamu m'chisanu chonsecho. Konseko anamva chimodzi: m'dziko lino mwana wa msinkhu umenewo ali ndi ufulu wosiya sukulu, ngakhalenso wochoka panyumba. Anamuimbira foni Tupochile, osayankha.

Mayeso anabwera n'kupita, Tupochile osalemba. Lero m'chipinda chake mwapachikidwa mayunifomu atatu, onse osang'ambika, ndipo a Fanny amakana kuwataya. Kutchalitchi anthu akayamba za sukulu, bambo Gwanda amangoyang'ana m'kapu mwawo. Ankasakira mwana wawo sukulu yoposa zonse, mwanayo n'kutsala wopanda sukulu. Akale sananame: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.