Dzina la a Kamwendo Pamwamba

Mukana, koma tamverani. Mayi Nasibeko, wofufuza wopanda makina akeake, anakapempha kuti aziyezera zinthu mu labotale ya boma. Woyang'anira, a Kamwendo, anati, "Mulowa, koma pa chilichonse mutulukire, dzina langa likhale pamwamba."

"Palibe vuto, bwana."

Mayiwo anayamba afunsa kumene bwanayo anakwatira. Atayeza, anabwera ndi botolo.

"Bwana, mwatulukira kachasu wothira feteleza. Mawa akutchulani pa wailesi."

"Wotcheza ndani?"

"A Nachuma, kuseri kwa chigayo."

Amenewo anali apongozi a bwanayo, ndipo a Kamwendo ankakhala chikamwini pakhomo pomwepo.

"Mayi, dzina langa lichotseni. Makiyi a labotale ndi awa."

Anachita kugwada. Ayi, kugwadako ndawonjezera ine. Anali atavala suti yatsopano.