Mphemvu za m'Nyumba ya a Makwinja

Khalani chete kumbuyoko, ana inu. Lero ndikuuzani kumene kunachokera mwambi wina umene mumangouloweza kuti mukhoze mayeso. Sindiutchula msanga, muumva pamene unanenedwa koyamba. Mawu anga akakwera musadabwe, chifukwa nkhani imeneyi imandipsetsa mtima nthawi zonse ndikamaifotokoza.

Ku Zingwangwa, mumzinda wa Blantyre, kunali a Makwinja, mwini nyumba za lendi. Anali munthu wa malaya oyera mbee, wolankhula motsitsa, woti ukakumana nawo pamsewu umaganiza kuti akupita kukalalikira. Koma munthu akasamuka m'nyumba yawo, iwo sankakonza kanthu. Ankangoitana wopaka penti. Khoma likang'aluka, penti. Chinyontho chikakwera, penti. Thabwa likafumbwa, penti yomweyo.

Tsono kunali mnyamata wina dzina lake Fanuwelo, wogwira ntchito m'sitolo ya zitsulo ku Limbe. Ukwati wake ndi Elube, mtsikana wa ku Thyolo, unali pafupi, ndipo ankafunafuna nyumba yoti akalowetsemo mkazi wake. A Makwinja atamutsegulira chitseko, fungo la penti linamulonjera pakhomo pomwepo. Makoma anali obiriwira bwino, siling'i yoyera yosaoneka banga. Mnyamatayo sanatsegule kabati, sanasuzumire kuseri kwa chitseko, sanafunsenso anthu oyandikana nawo chimene chinasamutsa amene ankakhalamo kale. Anangoti, "Bambo, nyumba ndi imeneyi."

Mwambo wa ukwati utatha analowa m'nyumbamo. M'mawa mwake Elube anatsegula kabati kuti atenge makapu, ndipo anakuwa. Mphemvu! Zazikulu zofiirira, zing'onozing'ono zakuda, zina zikukoka mazira kumbuyo, zonse balala kuthawira m'ming'alu.

Elube sanali mkazi waulesi ayi, ndipo chimenechi muchigwire bwino. Anatulutsa katundu yense panja n'kumuyanika padzuwa. Anathira madzi otentha m'ngodya zonse, anakolopa mpaka manja kusupuka. Ufa, shuga ndi nyemba anazitsekera m'zidebe. Anapopera mankhwala, nasesa mphemvu zakufa zodzaza chitini. Kutacha, zina zinali zitafika kale, ngati zabwera kumaliro a anzawo. Ndipo mbale zimene wazitsuka madzulo ankazipeza zili ndi timadontho takuda togwa kuchokera m'mwamba.

"Bambo," anauza mwamuna wake, "vuto lili m'siling'imu. Tamverani, mukumveka tswatswatswa."

"Amenewo ndi abuluzi," anatero Fanuwelo. "Siling'i yatsopano ngati imeneyi mungakhale chiyani?"

Elube anapita kwa a Makwinja. Anawapeza ataima pafupi ndi mpope pamene amayi a pamalopo ankatunga madzi, ndipo anagwada mwaulemu.

"Bambo, pepani, m'nyumba muja muli mphemvu zosaneneka. Ndayesa zonse koma sizikutha. Mwina mukadatsegula siling'i tione."

A Makwinja, amene masiku onse ankalankhula motsitsa, tsiku limenelo anakweza mawu kuti wina aliyense pampopepo amve.

"Mphemvu? M'nyumba mwanga? Mayi, nyumba imeneyo ndinakupatsani ikununkhira penti. Mphemvu sitsata khoma, imatsata mkazi. Mwabwera nazo m'madengu mwanu kuchokera kwanu."

Taonani nkhanza zake! Mawu amenewo anayenda msanga kuposa madzi a pampopewo. Pasanapite nthawi Elube anali ndi dzina latsopano, mkazi wauve. Amene ankabwereka sefa kwa iye anasiya. Akamadutsa, amayi ankakodolana ndi maso.

Mukudziwa kuti kwathu kuno ukwati ukangokhazikika, mayi a mwamuna amabwera kudzaona mmene mtengwa akusamalira pakhomo. A Nangondo, mayi ake a Fanuwelo, ananyamuka ku Chiradzulu ndi dengu la mbatata pamutu. Elube anali atakonza m'nyumba monse mpaka pansi kuwala. Anawalandira, anawapatsa madzi osamba m'manja, nabweretsa tiyi. Koma a Nangondo atangovundukula mbale ya shuga, chimphemvu chachikulu chinatulukamo, chinaima pamphepete n'kumagwedeza tinyanga take, kenaka chinatsetserekera pachitenje chawo.

A Nangondo anaika kapu pansi osamwa. Anatuluka ngati akukawongola miyendo, ndipo panjapo anakumana ndi a Makwinja, amene anawathirira nkhani yonse mchere ndi tsabola. Fanuwelo ataweruka kuntchito anapeza mayi ake atakhala pampando nkhope ili gwa, a Makwinja ali pambali pawo ngati mboni.

"Elube," anayamba a Nangondo, "ndaona ndi maso anga, ndamvanso kwa eni nyumba. Kwathu mkazi akalephera kusamala pakhomo timamubweza kwa alangizi ake kuti akamulangenso. Longedza zovala zako, mawa ndikuperekeza kwa mayi ako."

Ana inu, mwina simukudziwa kulemera kwa mawu amenewa. Mtengwa wobwezedwa kuti akalangidwenso amakhala nyimbo ya mudzi wonse. Manyazi ake sathera pa iye yekha, amagweranso mayi amene anamulera. Mayi ake a Elube sakadadzutsanso mutu kutchalitchi kapena kumsika, ndipo ngakhale mtsikanayo atabwerera ku banja lake, dzina la uve likadamutsata mpaka ukalamba.

Nanga Fanuwelo? Munthu amene ankaona mkazi wake akukolopa m'mawa ndi madzulo, amene ankaona matuza m'manja mwake, anangoti zyoli kuyang'ana nsapato zake. Apa ndi pamene ine magazi amandiwira.

Elube anayang'ana mwamuna wake, nadikira. Ataona kuti sakumuikira kumbuyo, anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

"Amayi, ndamva, ndipita. Koma ndiloleni ndisese malo amodzi amene sindinasesepo m'nyumba muno."

Analowa kukhitchini nabwera ndi musi. A Makwinja ataona kumene maso ake akuyang'ana anadzambatuka.

"Iwe mtsikana! Siling'i imeneyo ndi yatsopano!"

Gu! Musi unagunda thabwa. Gu! Kachiwiri thabwa lonse linangoti phwa, pakuti mkati mwake linali lofumbwa kalekale, chimene chinkaligwira chinali penti yokha. Ndipo mphemvu zinakhuthuka ngati chimanga chochokera m'thumba lobooka. Zamoyo, zakufa, makoko, mazira, fumbi lakuda lonunkha la zaka ndi zaka, zonse zinatsikira pamitu pawo. Zina zinalowa m'kolala ya malaya oyera a a Makwinja, ndipo bambo aja anavina gule wopanda ng'oma, uku akudzimenya pamsana, uku akuitana mayi awo. A Nangondo anathawira panja duku lili m'manja. Anthu a pamalopo anathamangira pakhomo kudzaona chimene chagwa.

Elube sanathawe. Anawerama natola chidutswa cha thabwa lija, natuluka nacho panja pamene panali anthu. M'mphepete mwake munali mazira a mphemvu omatirira mndandanda, pamodzi ndi mphemvu zouma zimene wopaka penti anazipsinja ndi bulashi yake. Zonse zinali zoyera mbee pamsana, penti yomwe ija ya siling'i.

Anagwada pamaso pa apongozi ake nawapatsa thabwalo.

"Amayi, taonani. Kodi m'madengu amene ndinabwera nawo kuchokera kwathu munalinso penti?"

Kenaka mayi wina m'gulumo anati, "Komatu amene anasamuka aja anathawa zomwezi." Mwamva? Ankadziwa! Masiku onse amene ankamuseka mtsikanayo pampope, ankadziwa, koma anatseka pakamwa poopa kukhumudwitsa mwini nyumba.

A Nangondo anatembenuza thabwalo uku ndi uku. Atatero anayang'ana mwana wawo.

"Fanuwelo, kuseri kwa nyumba yathu kumudzi kuli mtengo wanji?"

"Mkuyu, amayi."

"Nkhuyu zake zikapsa zimafiira mokopa. Mlendo amangotola n'kuponya m'kamwa, koma ife eni timayamba tazing'amba, chifukwa tikudziwa zimene zimakhala mkati. Iwe unakulira pansi pa mtengo umenewo, ndiye unakatola nyumba chifukwa cha penti? Ndipo ine, amene ndachita imvi ndikung'amba nkhuyu, lero ndameza yosang'amba." Apa anatembenukira kwa a Makwinja, amene ankakutumulabe malaya awo, nawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere!"

Atatero a Nangondo anamudzutsa Elube, nayamba kumuchotsa fumbi m'tsitsi ndi dzanja lawo.

"Mwana wanga, ndakulakwira. Supita kulikonse."

Elube anati, "Ndamva, amayi, zikomo. Koma dzina langa silinaipire m'nyumba muno, linaipira pampope. Mawu amenewa mukawanenere komweko."

Ndipo a Nangondo, mayi wamkulu ndi imvi zawo, anapitadi. M'mawa mwake anaima pampope thabwa lili m'manja, ndipo mayi aliyense wobwera ndi ndowa anamuonetsa, mmodzimmodzi, mpaka onse anatha. Amayi aja ndi amene anawanditsa mawuwo, poyamba ponena za nyumba za a Makwinja, kenaka ponena za china chilichonse chonyenga maso. Elube ndi mwamuna wake anasamuka, ndipo amene anakasankha nyumba yachiwiriyo anali Elube, Fanuwelo ali pambuyo ngati wonyamula katundu. A Makwinja anakhoma thabwa lina pamalo obookawo, naitananso wopaka penti.

Wina adzakuuzani kuti mwambiwu ndi wakale kuposa nyumba za siling'i. Musakangane naye, ine ndakuuzani mmene ndinamvera. Chofunika ndi tanthauzo lake. "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere" akutanthauza kuti chinthu chikhoza kukongola kunja pamene mkati mwake ndi movunda. Amanenera nyumba, katundu wa pamsika, ngakhale munthu wa zovala zoyera ndi mawu okoma. Tsono mukadzakula n'kumafuna nyumba, mudzatsegule kabati, mudzagogode siling'i, mudzafunse chimene chinathamangitsa anzanu. Ndipo wina akadzakuuzani kuti uje ndi woipa, yambani mwamung'amba wonenayo, chifukwa nyerere za mkuyu nthawi zambiri zimaluma munthu amene sanatole nkhuyuyo.