Mazira a pa Chulu

Kalekale, ana inu, kunali mayi wina dzina lake Nankhoma. Ankaweta nkhuku zambiri, koma chitopa chinadza n'kupululutsa khola lonse. Inatsala thadzi imodzi yokha.

Tsiku lina akutola nkhuni, anapeza mazira khumi kuuna wa pa chulu. Anati ndi a nkhanga, akaikira thadzi yake ifungatire. Pajatu mazira a kuthengo satenga onse, amasiyako a mwini wake. Iye anakokolola onse psiti!

Mlamu wake atawaona anamuchenjeza kuti mazira a nkhanga sakhala ofewa chotero. Nankhoma anangoti ndi nsanje. Safunsa anadya phula.

Anawaika pangodya m'nyumba, pafupi ndi mphasa ya khanda lake. Thadzi inakana.

"Mayi, mazira awa si a mbalame."

Nankhoma anaigwira, anaikhazikapo, anaivundikira ndi dengu. Pophupha, thadzi inaswa dzira limodzi.

M'mawa mwake dzuwa lili paliwombo, anthu onse ali kumunda, kunamveka kukhwekhwereza pabwalo. Khwee, khwee. Kuwala kwa pakhomo kunatsekeka.

"Odi, mayi. Ndatsata ana anga."

Inali nsato. Mutu uli m'nyumba, mchira ukadali kunkhokwe. Nankhoma anachita mantha. Anavundukula dengu, n'kumapereka mazira limodzilimodzi. Nsato inkawerenga ndi lilime. Anakwana asanu ndi anayi.

"Wakhumi ali kuti?"

Nankhoma anagwada. Analonjeza mbuzi, nsato inakana. Analonjeza chimanga, nsato inakana. Pamenepo khanda linadzuka n'kuyamba kulira. Nsato inatembenuza mutu pang'onopang'ono.

"Mwana amalipidwa ndi mwana."

Inayamba kusendera kumphasa. Khwee, khwee. Mayi uja anaima ngati chitsa.

Thadzi inadumpha, n'kuima pakati pa njoka ndi khanda, mapiko ali tambasu.

"Ndinaswa ndine. Meza ine."

Nsato inaimeza, inakulunga mazira ake, inapita. M'nyumba munatsala nthenga ziwiri zokha. Nankhoma anakumbatira mwana wake n'kulira mpaka anthu anabwera kuchokera kumunda. Sanawetenso nkhuku moyo wake wonse.

Koma nsato sinakhutire. Mpaka lero njoka zimalowabe m'makola mwathu, kufunafuna dzira lakhumi lija. Tsono inu, mukatola kanthu kuthengo, yambani mwafunsa kuti mwini wake ndani, chifukwa amatsata mapazi.

Yanga nthano yathera pomwepo.